Zinyalala za Pakhomo ndi Dothi la Pabwalo: Kabuku ka Mabanja a ku Ngungu

Kabuku aka n'ka mabanja a ku Ngungu pamodzi ndi anansi athu a ku Bwacha, Chimanimani ndi makomboni ena a tauni ya Kabwe. Tikulankhula ndi amayi ndi abambo a nyumba, eni mapuloti amene amakhala bwalo limodzi ndi mabanja a lendi, komanso achinyamata, poti iwowa ndiwo amatumidwa kukataya chidebe kukada. Zambiri zimene timataya zili ndi ntchito, ndipo zimasanduka zonyansa pokhapokha tikazisakaniza. Khomo limene lazolowera kupatula zinyalala limatsala ndi zochepa zoti galimoto inyamule, limapeza manyowa osagula, ndipo limaleka kusonkha moto wa pulasitiki kuseri kwa nyumba.

Khuthulani chidebe muone

Tsiku lina m'mawa yalani thumba lakale pansi, mukhuthulirepo zinyalala za dzulo, mutenge kamtengo n'kuyamba kufukula. Mupeza makoko a mbatata ndi a nthochi, mapesi a repu, masamba a kabichi ofota, tomato wophwanyika ndi zikhokho za m'poto wa nsima. Mupeza phulusa la mbaula ndi mchenga wosesa pabwalo, ndipo ziwirizi ndizo zimalemeretsa chidebe. Kenako timapepala ta pulasitiki tambirimbiri: ka pamela (kaufa kogula pang'ono), ka shuga, kamene munagulira mafuta ophikira pa kantemba, ka madzi oundana kamene mwana anayamwa pochokera kusukulu. Pangakhalenso botolo la maheu, katoni ya chibuku, thewera la khanda ndi batire la tochi lotupa.

Zonsezi zikakhala pamodzi zimanunkha, zimaitana ntchentche ndi makoswe, ndipo palibe amene angafune kuzigwira. Tsopano ziikeni m'milu. Zowola pazokha, phulusa palokha, mabotolo ndi zitini pazokha, mapepala a pulasitiki paokha, ndipo batire ndi thewera muziike patali. Muona kuti mulu wa zowola ndi wa phulusa ndiyo yaikulu, pamene mulu wa zinthu zosowadi kolowera ndi wochepa kwambiri. Simufunika kugula mabini okongola kuti muyambe. Ndowa yobooka, thumba la ufa la makilogalamu 25 ndi chitini cha penti chokhala ndi chivundikiro n'zokwanira.

Chifukwa chake ku Kabwe nkhaniyi ndi yolemera

Kulikonse zinyalala zimadwalitsa, koma kuno kwathu pali china chowonjezera. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka kuno mu 1902, malowa n'kutchedwa Broken Hill, ndipo mgodi ndi ng'anjo zake zinagwira ntchito mpaka 1994. Mgodi unatsekedwa, koma mtovu unatsala m'dothi, m'ngalande yaikulu yochokera kumgodi ndi m'phiri la zotsalira lija timalitcha Black Mountain. Mtovu suwola. Suchoka ndi moto, suchokanso pobwatitsa madzi. Umalowa m'thupi kudzera m'fumbi limene timapuma ndi limene ana amameza poika zala ndi zoseweretsa m'kamwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wosavulaza, ndipo amene umawapweteka kwambiri ndi ana aang'ono ndi makanda amene ali m'mimba, chifukwa umaononga ubongo umene ukukula.

Madera amene anakhudzidwa kwambiri ndi oyandikana ndi mgodi, monga Kasanda, Makululu, Chowa ndi Mutwe wa Nsofu. Ngungu ili pataliko, ndipo zimenezi n'zothokoza. Komabe fumbi limayenda. Limabwera pa nsapato ndi pa ovolosi ya munthu amene amakagwira ntchito kumilu ya kumgodi, limabwera m'galimoto ya dothi kapena miyala imene mwagula kuti mukwirire chithaphwi pakhomo, ndipo ana athu amakacheza kwa achibale mbali zonse za tauni.

Tinene poyera kuti kuyeretsa zimene mgodi unasiya si ntchito ya mayi wa tsache. Ndi ngongole ya boma ndi makampani amene anadyapo. Mu 2016 Banki Yaikulu Padziko Lonse inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni ya pulojekiti ya ZMERIP, yokonza malo oonongeka ndi migodi ku Kabwe ndi m'matauni ena a ku Copperbelt, ndipo akatswiri a University of Zambia ndi a Hokkaido University ya ku Japan akhala akupima dothi ndi magazi kuno. Ntchito yatsala yambiri, ndipo tisaleke kuifunsa. Koma mwana amene akukwawa lero sangadikire. Chimene khomo lingathe n'kuchepetsa fumbi, kuphimba dothi, ndi kusawonjezera poizoni wina pamwamba pa amene alipo kale. Apa m'pamene zinyalala za kukhitchini zimathandiza, monga muonere kutsogoloku.

Zinyalala zimayambira kumsika

Pepala limene simunalandire simuvutika nalo. Popita kumsika nyamulani basiketi, dengu kapena chikwama chosoka ndi nsalu yotsala ya chitenje. Tomato, anyezi ndi impwa zingathe kukhalira limodzi, sizifunika chilichonse pepala lakelake. Mafuta ophikira gulirani m'botolo lanu lotsuka bwino, ndipo kapenta ndi nyemba muziike m'kontena ya chivundikiro.

Kuyambira pa lamulo la boma nambala 65 la 2018, mapepala onyamulira katundu opyapyala kuposa ma micron 30 ndi oletsedwa m'Zambia, ndipo n'chifukwa chake m'masitolo akuluakulu pepala mumachita kugula. Limenelo ndi lolimba. Litsukeni, muliyanike, mulipinde n'kuliika m'chikwama kuti mawa ligwirenso ntchito.

Tikudziwa kuti ambiri amagula pamela chifukwa ndalama imabwera ya tsiku limenelo. Si ulesi, ndipo palibe wowadzudzula. Koma kugula pang'onopang'ono kumadula kuposa kugula thumba, ndiye ngati muli mabanja atatu kapena anayi odalirana, sonkhani mugule thumba limodzi la ufa, botolo lalikulu la mafuta kapena sopo wamtanda, mugawane. Amayi a chilimba, gulu losonkherana ndalama, angathe kuchita zimenezi mosavuta popeza amakumana kale.

Chakudya chisafike kudzala

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa mtengo wa ufa. Mvula itadula, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse. Munthu amene anaona chaka chimenecho safunika kuuzidwa kuti nsima siyotaya. Yezani ufa ndi kapu imodzimodzi masiku onse kufikira mutadziwa mlingo wa banja lanu. Mkute uvundikireni, ndipo m'mawa muutenthetse mpaka utuluke nthunzi musanapatse ana. Ndiwo zotsala muziwiritsenso bwinobwino, makamaka masiku amene magetsi akuzimazima ndipo firiji siyodalirika.

Nthawi ya dzinja chibwabwa, kalembula, bonongwe ndi khwanya zimatchipa mpaka ogulitsa amazitaya madzulo. Imeneyo ndiyo nthawi yofutsa. Tsukani masamba, muwaviike m'madzi owira amchere pang'ono kwa mphindi zochepa, muwayanike. Koma kuno musayanike pansi kapena pamphasa yoyala padothi. Yanikani pathandala kapena patebulo, pamwamba mutaphimba ndi kansalu kopyapyala kuti fumbi lisagwerepo. Mfutso wouma bwino umasungika miyezi m'chidebe chotseka. Madeya, zikhokho ndi masamba ofota ndi chakudya cha nkhuku. Ngati inu simuweta, mnansi amene amaweta adzalandira ndi manja awiri, ndipo mwina adzakubwezerani zitosi za manyowa.

Kupanga manyowa a kompositi

Gawo ili ndilo mtima wa kabukuka, choncho tifotokoza mwatsatanetsatane.

Sankhani malo a mthunzi pakona ya bwalo, kutali ndi chitsime ndiponso posadutsa madzi a mvula. Mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi n'pokwanira. M'chilimwe ndi bwino kukumba kadzenje kofika m'mawondo kuti chinyontho chisathawe. M'dzinja unjikani pamwamba pa nthaka, chifukwa dzenje limadzaza madzi ndipo zinthu zimavunda m'malo mowola bwino.

Pansi yalani timitengo kapena mapesi a chimanga kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pake ikani zouma zokwana chikhatho chimodzi kuchindikala: masamba a mango kapena a mapeyala amene agwa, udzu wouma, makoko a nshawa, makatoni osalembedwa kwambiri ong'ambang'amba. Kenako ikani zaziwisi za kukhitchini, monga makoko a mbatata, nthochi ndi maungu, masamba a tiyi, ndiwo zamasamba zofota ndi zigoba za mazira zophwanya. Wazani zitosi za nkhuku kapena za mbuzi ngati zilipo, kenako madzi pang'ono. Bwerezani choncho, zouma, zaziwisi, zitosi, madzi, mpaka muluwo ufike m'chiuno, ndipo muuphimbe ndi masaka akale. Popeza za kukhitchini zimabwera pang'onopang'ono, sungani thumba la masamba ouma pambali, kuti nthawi iliyonse mukathira makoko muziphimba ndi masamba odzaza manja awiri. Mukatero ntchentche sizibwera.

Chinyontho chiyeseni ndi dzanja. Tapani pang'ono mufinye. Ngati madzi akuchucha, mwanyowetsa kwambiri. Ngati zikungoyoyoka, zauma. Zikhale ngati nsalu yochapa imene mwaifinya kale. Zikani ndodo pakati pa mulu mpaka pansi, ndipo pakapita masiku atatu kapena anayi muizule muikhudze. Ikakhala yofunda ndi yonyowa, ntchito ikuyenda. Ikakhala yozizira ndi youma, thirani madzi ndi kuwonjezera zaziwisi. Pakatha milungu iwiri kapena itatu tembenuzani ndi khasu, zakunja zilowe m'kati, ndipo muzichita choncho mpaka manyowa apse. Nthawi yotentha amatenga miyezi iwiri kapena itatu, nthawi yozizira ya June ndi July amachedwerapo. Akapsa amakhala akuda, ofumbutuka, onunkhira dothi la mvula yoyamba, ndipo simungazindikirenso kuti ili linali khoko la chiyani.

Mulu ukayamba kununkha, ndiye kuti wanyowa kwambiri kapena zaziwisi zachuluka. Utembenuzeni muwonjezere zouma. Nyerere zikamanga m'menemo, wauma. Makoswe akabwera, ndiye kuti wina wathiramo nsima, mafupa, nsomba kapena mafuta, ndipo zimenezi siziyenera kulowamo. Musaikemonso chimbudzi cha galu kapena cha mphaka, matewera, pulasitiki ndi mabatire. Ndipo chenjezo la kuno kwathu ndi ili: mchenga wosesa pabwalo kapena pamsewu usalowe m'kompositi ya ndiwo. Masamba a mitengo atoleni ndi manja kapena ndi reki, muwakutumule dothi.

Amene ali pa lendi ndipo alibe malo asadandaule. Boolani ndowa yakale kapena diramu m'mbali ndi pansi, muiike pa njerwa, muzithiramo mwa njira yomweyi, n'kumavundula ndi ndodo kamodzi pa mlungu.

Bwalo lophimbika, dimba la m'matumba

Tinakula tikuuzidwa kuti khomo la mayi waukhondo ndi losesedwa mbee, lopanda ngakhale kaudzu kamodzi. Ku Kabwe mwambo umenewu tiuganizirenso. Dothi lapululu ndilo limabala fumbi, makamaka mu August ndi September pamene mphepo imaomba. Bwalo labwino kuno ndi la kapinga, la maluwa, la mitengo ya mthunzi, kapena lowaka njerwa pamene anthu amaponda kwambiri. Kapinga safuna ndalama. Pemphani timizu kwa mnansi kumayambiriro kwa mvula, mubzale motalikirana chikhatho, muwazepo kompositi. Akagwira, madzi otsukira mbale ndi otsukuluzira zovala amamukwanira.

Pamene patsala dothi, wazani madzi musanasese, ndipo musasese ana ali pomwepo kapena chakudya chili poyera. M'nyumba kolopani ndi nsalu yonyowa m'malo mokupiza ndi tsache, mupukutenso mawindo ndi matebulo. Madzi okolopera atayeni m'chimbudzi, osati m'dimba. Nsapato zitsale pakhomo. Bambo amene amagwira ntchito kumilu ya kumgodi, kugalaja kapena kowotcherera zitsulo asinthe zovala ndi kusamba asananyamule mwana, ndipo zovala zakezo zichapidwe pazokha. Khanda muliyalire mphasa kapena thumba loyera, lisakwawe padothi.

Mukafuna dothi, mchenga kapena miyala yokwirira pakhomo, funsani kumene yachokera. Ya kumbali ya mgodi ikaneni ngakhale itatchipa bwanji.

Ndiwo zamasamba bzalani m'matumba kapena m'mabedi okwera. Tengani thumba la makilogalamu 50, muliimike pa njerwa, pakati muike mzati wa timiyala totsuka kuti madzi azitsika, m'mbali mudzaze dothi lochokera kumalo odziwika, kutali ndi mgodi, losakaniza ndi kompositi yambiri. Bzalani pamwamba, ndiponso m'mabowo amene mwacheka m'mbali. Repu, chainizi, anyezi wa masamba ndi kalembula zimachita bwino motere. Kompositi imathandiza kuti zomera zisayamwe mtovu wambiri, komabe fumbi limagwera pamasamba, choncho tsukani ndiwo zonse ndi madzi oyera kawiri kapena katatu, zogula ndi zolima nokha, ndipo mbatata ndi karoti muzisenda.

Mwana wa njala thupi lake limayamwa mtovu wochuluka kuposa mwana wokhuta, makamaka ngati akusowa ayironi ndi kashiamu. Phala la m'mawa lothira nsinjiro, kapenta wodya ndi minga yomwe, nyemba, mazira, masamba obiriwira, magwafa ndi masuku zimamuteteza ndithu. M'sambitseni m'manja ndi sopo asanadye. Amayi oyembekezera amene amalakalaka dothi asadye, ngakhale logula pamsika. Akanene kusikelo, popeza chilakolako chimenechi kawirikawiri chimayenda ndi kuchepa kwa magazi.

Malasha ndi phulusa

Thumba lililonse la malasha ndi mitengo imene yagwa kwinakwake m'chigawo chathu cha Central, ndipo magetsi akamavuta mitengo imagwa yambiri. Kuchepetsa malasha n'kupulumutsa ndalama ndi nkhalango nthawi imodzi. Mbaula ya dongo m'kati imasunga kutentha kuposa yachitsulo chokhachokha yobookabooka. Vundikirani poto. Nyemba ziviikeni usiku wonse, m'mawa muziwiritse mwamphamvu kwa mphindi 20, kenako muphule, mukulunge poto ndi bulangete lakale n'kumuika m'dengu kapena m'katoni. Pakapita maola atatu kapena anayi zimakhala zafewa, zongofuna kukazingira. Mukamaliza kuphika, makala otsala aikeni m'chitini mutseke kuti azime, mawa agwirenso ntchito.

Fumbi la pansi pa thumba la malasha musataye. Lisefeni, muphike phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa, kapu imodzi ya ufa pa makapu pafupifupi 10 a fumbi, musakanize, muumbe timibulu tokwana m'dzanja, mutiyanike padzuwa mpaka tiume gwa. Timayaka pang'onopang'ono ndipo n'tabwino pophika nyemba.

Chizolowezi choyatsira mbaula ndi pepala la pulasitiki tichisiye. Utsi wake mumaupuma mutawerama pomwepo mukukupiza, mwana ali kumsana. Zitsononkho, timitengo touma kapena pepala wamba zimayatsa bwino lomwe. Ndipo ngakhale kuzizire bwanji, mbaula yoyaka isagone m'chipinda chotseka. Mpweya wake sununkha, koma umapha anthu ali m'tulo.

Phulusa lozizira lisungeni m'chitini. Kuwaza pang'ono m'chimbudzi chokumba kumachepetsa fungo ndi ntchentche, limakwechanso mapoto, ndipo lochepa lingathe kuwazidwa m'dimba. Phulusa limene mwapsera pulasitiki, mabatire kapena matabwa opaka penti lisapite m'dimba, ndipo musachezere chidulo.

Mabotolo, zitini ndi pulasitiki

Mabotolo a galasi obweza abwezeni. A pulasitiki atsukeni, muwaphwatalale, muwasunge m'thumba, ndipo zitini, mapoto obooka ndi zitsulo muziike pazokha. Alipo anthu amene amayenda m'makomboni kutola kapena kugula zimenezi pa sikelo. Anthu amenewa amatichotsera katundu amene akanatsekera ngalande, ndiye tiwapatse ulemu, tiwasungire zoyera m'malo moti azichita kufukula padzala ndi manja. Zigubu za mafuta ophikira zimasunga madzi, ndipo zodula pakati zimabzalidwa maluwa. Koma chigubu kapena botolo limene munali mankhwala ophera tizilombo, asidi kapena oilo lisasungirenso madzi kapena chakudya, ngakhale mutalitsuka kangati.

Zotsala zosagulika, monga timapepala topyapyala, zokutira maswiti ndi mabisiketi, zipanikizeni m'thumba mumange, zidikire otola zinyalala. Musatenthe. Moto wa padzala sutentha mokwanira, umangofuka, ndipo utsi wa pulasitiki uli ndi poizoni amene amayambitsa chifuwa, kudzutsa mphumu, ndi kukhalitsa m'thupi. Poizoniyo amatsaliranso m'phulusa limene nkhuku zimapalasa, n'kulowa m'mazira amene timadya. Utsiwo sudziwa mpanda. Umalowa kwa mnansi amene ali ndi khanda kapena gogo wodwala.

Zinyalala zoopsa

Izi n'zochepa, koma ndizo zofunika maso. Choyamba ndi mabatire a galimoto ndi a sola, amene achuluka m'makomo chifukwa cha kuzima kwa magetsi. M'kati mwake muli mtovu ndi asidi. Batire lakufa musaliswe, musakhuthule madzi ake pansi, ndipo musalole aliyense kusungunula mtovu wake pabwalo panu kapena pafupi ndi pamene ana amasewera. Lisungeni choimirira pamalo ouma, ndipo pogula latsopano funsani wogulitsa ngati amalandira lakale, popeza ambiri amasinthitsa. Mabatire a tochi, a wailesi ndi a foni aponyeni m'chitini cha chivundikiro, patali ndi ana ndi moto. Mababu aatali aja ndi opotana ali ndi mekyule, choncho asasweke. Akulungeni m'pepala.

Mankhwala otha nthawi ndi majakisoni abwezeni kuchipatala kapena kufamase, musataye padzala pamene ana amatola. Magalasi osweka, malezala ndi misomali zikulungeni kapena muziike m'chitini, kuti wonyamula thumba asachekeke. Oilo wakuda wa galimoto asathiridwe m'ngalande kapena m'chimbudzi.

Matewera otaya ndiwo atisautsa zaka zino. Agalu amawakoka usiku, m'mawa n'kuwapeza ali mbwee pamsewu. Chimbudzi cha mwana chili ndi tizilombo ngati cha wamkulu yemwe. Chikhuthulireni m'chimbudzi, thewera mulipinde, mulimange m'pepala, muliike m'chidebe chotseka kufikira tsiku lotola. Musaliponye m'chimbudzi chogejemula, chifukwa limatseka mapaipi, ndipo m'chokumba limadzazitsa msanga. Matewera a nsalu masana muli pakhomo, otaya paulendo ndi usiku, ndi njira imene imachepetsa mulu ndi ndalama zomwe. Kuchapako abambo athandize, mwana ndi wa onse.

Mvula isanagwe

Mu October, kuthambo kusanade, yenderani ngalande ya kutsogolo kwa nyumba yanu. Ngalande yotsekeka ndi mabotolo ndi mapepala imabweza madzi m'mabwalo, madziwo amasefukira m'zimbudzi, n'kukathera m'zitsime zosaya ndi m'mapaipi ong'ambika. Umu ndimo kolera imayendera. Mliri umene unayamba mu October 2023 unafika zigawo zonse 10 za Zambia, unadwalitsa anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700, ndipo masukulu anatsegulidwa mu February 2024 m'malo mwa January. Zimene mwavuula m'ngalande musazisiye m'mphepete kuti mvula izibwezeremo. Valani magolovesi kapena mapepala m'manja, muziike m'matumba, ndipo matope ake asapite m'dimba.

Zitini, matayala ndi zigoba zimene zingasunge madzi zivundikireni kapena muziboole, popeza udzudzu umaswana m'madzi ochepa kwambiri. Madzi akumwa athireni kolorini kapena muwawiritse, muwasunge m'chigubu cha kukamwa kochepa. Paipi ikaphulika kapena suweji ikasefukira, dziwitsani a Lukanga Water msanga, musaganize kuti wina wanena kale.

Khonsolo, mnansi ndi inu

Lamulo la kasamalidwe ka zinyalala, nambala 20 la 2018, linaika ntchito yoyang'anira zinyalala m'manja mwa makhonsolo, ndipo limaletsa kutaya paliponse. Kuno ndi Kabwe Municipal Council, pamene nkhani za zinyalala zoopsa ndi kuipitsa mpweya, madzi ndi nthaka zimayang'aniridwa ndi bungwe la ZEMA. Funsani kukhonsolo, kwa khansala kapena ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu kuti amene ali ndi chilolezo chotola zinyalala m'dera lanu ndani, amabwera tsiku liti, ndipo mtengo wake ndi wotani. Mukalipira, tengani lisiti. Mnyamata wa wilibala amene mwamupatsa kandalama kuti akataye kumene akudziwa, kawirikawiri amakakhuthula pamalo opanda nyumba kapena m'ngalande ya ena, ndipo mvula ikagwa zimabwerera.

Ndalama yolipira mwezi ndi mwezi imalemera kwa ambiri, n'zoona. Koma khomo limene limapanga kompositi, kugwiritsa ntchito phulusa ndi kupereka mabotolo kwa otola limatulutsa thumba laling'ono, ndipo mabanja a puloti imodzi angathe kusonkherana. Eni nyumba akhale pansi ndi a lendi awo, agwirizane za malo a ndowa ya zowola, thumba la mabotolo ndi chitini cha mabatire, ndiponso za amene azitembenuza kompositi mlungu uno. Zikasiyidwa kwa mayi mmodzi, zimafa mwezi usanathe.

Kampeni ya Keep Zambia Clean, Green and Healthy, imene inakhazikitsidwanso mu 2018, inazolowetsa anthu kutuluka ndi matsache ndi makasu Loweruka lomaliza la mwezi. Msewu wanu ungathe kusunga tsiku limeneli popanda kudikira akuluakulu. Musanatuluke, panganani ndi a khonsolo za galimoto yodzanyamula zimene musonkhanitse, chifukwa mulu wosiyidwa pamphambano umasanduka dzala latsopano pofika Lolemba. Galimoto ikapanda kubwera, lembani kalata ya anthu a msewu wonse, musainire, mukapereke kudzera kwa khansala, n'kusunga kope lanu.

Za umoyo, pitani kukiliniki ya Ngungu mukaonane ndi wazaumoyo woyang'anira ukhondo wa m'dera, kapena a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi. Ngati banja lanu linakhalapo ku Kasanda, Makululu kapena Chowa, ngati wina pakhomo amagwira ntchito kumilu ya kumgodi kapena yokonza mabatire, kapena ngati mwana amadandaula m'mimba kawirikawiri, sakukula bwino kapena akuchedwa kulankhula, nenani zimenezi kwa anamwino ndipo mufunse kumene angapimidwe mtovu m'magazi. Nyamulani khadi lake la kusikelo.